Khofi wonyika: mmene ndimapangira cold brew kunyumba nyengo yotentha ino

October akalowa kuno ku Blantyre munthu sufuna ndi kumva komwe za chinthu chotentha. Utsike minibasi pa Ginnery Corner cha m'ma 1 koloko masana, thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira kumsana, ndiye wina akubweretsere kapu ya khofi wa nthunzi tolotolo, ungomuyang'ana basi. Vuto ndi loti enafe khofi tinamuzolowera, tikapanda kumwa mmawa mutu umayamba kuwawa isanakwane ndi 10 yomwe. Ine ndinkangopirira, kumwa wotenthayo uku ndikudzikupiza ndi kope, mpaka Loweruka lina mlamu wanga amene amagwira ntchito pa malo ena odyera mtaunimu anabwera kwathu ku Chilomoni ndi kabotolo ka zinthu zakuda bii mchikwama. Anathira pang'ono mutambula, nkuwonjezera madzi ozizira ndi kamkaka, amvekere "alamu, talawani ichi". Ndinalawa. Kuyambira tsiku limenelo mufuliji mwanga simusowa botolo.

Iwowo kuntchito kwawo amati cold brew. Ine ndimangoti khofi wonyika, chifukwa kunena zoona palibe chinanso chimene chimachitika, ndi kunyika basi, mmene amayi amanyikira mphale mundowa nkuisiya igone. Khofiyo sakumana ndi moto, sakumana ndi madzi otentha, umangomusiya m'madzi ozizira usiku wonse, mmawa nkusefa.

Musasokoneze ndi uja wopanga ndi madzi owira kenako nkumuponyera ayisi kapena kumusiya azizire. Ameneyo ndi wina, ndipo akakhalitsa amakhala ndi kafungo ka khofi wogona, kowawa kukhosi. Madzi otentha amakoka chilichonse chili mukhofi mwachangu, mphindi 4 kapena 5 zatha, zokoma ndi zowawa zomwe. Madzi ozizira ndi aulesi, amakoka pang'onopang'ono ndipo zina zowawazo amazisiya momwemo, nchifukwa chake wonyika amatsika myaa, ena amamva ngati muli chokoleti chonsecho simunathire kanthu. Koma ulesi wa madziwo mumalipira ndi nthawi komanso ndi khofi wambiri, izi ndinene poyambirira pomwe musadzanditukwane paketi ikatha msanga.

Khofi wake

Choyamba, khofi uja wosungunuka wa mchitini, monga Ricoffy, sangagwire ntchito imeneyi. Ameneyo anaphikidwa kale kufakitale nkuumitsidwa, mukamuthira m'madzi amangosungunuka, palibe choti munyike. Mukufunika khofi weniweni, wa njere zokazinga, kaya njere zathunthu kaya zogaya kale.

Ndipo ife a ku Blantyre tisamachite ngati khofi ndi chinthu chachilendo cha m'mafilimu. Mbande zinafika pa mishoni pompano, pa HHI apa, mu 1878, anabwera nazo ndi Jonathan Duncan kuchokera ku Edinburgh. Zinali zitatu, inapulumuka imodzi yokha, ndipo minda ya khofi ya kumapiri kuno inayambira pamenepo, mpaka chizindikiro cha dziko nthawi imene linkatchedwa British Central Africa chinali mtengo wa khofi. Fodya ndi tiyi zinachita kudzamulanda malo pambuyo pake. Lero wambiri amene timamuona m'magolosale ndi Mzuzu Coffee, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono kumapiri a kumpoto monga ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, ndipo pafupi pompa ku Thyolo a Satemwa, odziwika ndi tiyi aja, nawonso ali ndi khofi wawo. Onsewa ndi khofi wa mtundu wa Arabica, ndipo pa kunyika amachita bwino zedi, palibe chifukwa chothamangira wakunja wodula.

Pogula werengani paketi. Ngati yalembedwa kuti medium, kutanthauza wokazinga mwapakatikati, ameneyo ndi amene ine ndimakonda. Wokazinga kwambiri mpaka njere kuchita kunyezimira mafuta amatuluka ndi kafungo ka utsi, ena amamukonda makamaka ndi mkaka, koma kwa ine amakhala ngati ndikumwa makala. Ndipo ngati pali kusankha, tengani wanjere.

Kusinja, apa ndi pamene pagona nkhani

Khofi wonyika amafuna akhale wokhakhala. Osati ngati ufa woyera, osatinso ngati mgaiwa, akhale wokhakhala kuposa pamenepo, ngati mchenga wa kumtsinje uja amamangira nyumba, woti ukatsina ndi zala uzimva timibulu. Chifukwa chake ndi chakuti akhala m'madzi maola ambiri, ndiye akakhala wosalala madzi amamukoka mopitirira nkuyamba kuwawa, komanso posefa amatseka nsalu, mumatha ola lathunthu mutaima pasinki kudikira madontho.

Amene muli ndi kamakina kogayira khofi, ingokaikani pa mulingo wokhakhala kwambiri. Enafe tilibe. Ndimagwiritsa ntchito kamtondo kakang'ono ka kukhitchini, ndimaika njere zodzadza dzanja limodzi, ndimazithudzula kaye pang'onopang'ono kuti zisadumphe, kenako kutibula mozunguliza munsi mpaka ndisaonenso njere yathunthu. Osasinja mwaukali ngati mukusinja nsinjiro. Magalamu 125 amanditengera mwina mphindi 10, ndipo fungo lake limafika mpaka kwa aneba.

Koma chonde mtondowo ununkhizeni kaye. Ulendo wanga woyamba ndinangoutenga pamene unali, osadziwa kuti dzulo lake mng'ono wanga anasinjiramo kambuzi ndi adyo. Ndinadikira usiku wonse, mmawa kusefa bwinobwino, kuthira mutambula, kumwa kamodzi, milomo kuyamba kuyaka kkkk. Khofi amayamwa fungo lililonse limene wakumana nalo. Ndinataya botolo lonse, theka la paketi linapita choncho. Panopa ndili ndi kamtondo kake kokha kamene ndinagula mumsika wa Limbe, ndipo ndimakabisa. Ngati mulibe wina wapadera, sinjanimo kaye mpunga wosaphika kawiri katatu mpaka utamatuluka woyera wopanda fungo, mpungawo umachotsa zotsalira.

Blender nayo imatheka, bola muziyatsa nkuzimitsa, kamphindi kochepa kochepa, nkumaigwedeza pakati. Mukaisiya izingolira pansi pamakhala fumbi pamwamba pali njere zathunthu.

Nanga ngati munagula wogaya kale? Musataye mtima, ine ndapangapo kangapo. Wa m'mapaketi nthawi zambiri amakhala wosalalirapo, ndiye mungochepetsa nthawi yonyika, maola 10 mpaka 12 akwana, ndipo mukonzeke kusefa kawiri.

Madzi

Anthu amaiwala kuti chimene mumwecho pafupifupi chonse ndi madzi, ndipo madziwa sawira paliponse. Ku tiyi timadalira ketulo kuti yapha tizilombo, kuno kulibe zimenezo. Ndiye gwiritsani ntchito madzi amene mungamwe osakayika. Ine ndimawiritsa madzulo ndikamaphika, nkuwasiya azizirirutu atavindikiridwa, kapena ndimagula a m'botolo ndikakhala ndi changu. Makamaka mvula ikayamba, kolera ija ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira, si nthawi yochita zibwana ndi madzi a pachitsime kapena a m'zigubu zoti simukudziwa kumene anatungidwa.

Madzi a pampopi akamanunkha mankhwala, fungolo limamveka mukhofi, kuwiritsa kuja kumathandizanso pamenepa. Ndipo tsiku limene madzi angobwera kumene atasowa, aja amayamba ndi ofiira aja, tsiku limenelo musanyike.

Azizirirutu ndithu. Mukathira ofunda ndiye kuti mwapanga chinthu china.

Botolo ndi muyezo

Chonyikiramo chabwino ndi botolo lagalasi la pakamwa papakulu lokhala ndi chivindikiro. Botolo lalikulu la mayonezi lija limakwana, bola mulitsuke ndi madzi otentha ndi sopo mpaka mafuta onse achoke, chivindikiro chomwe, chifukwa fungo limabisala mmenemo. Jagi yokhala ndi chivindikiro nayo ili bho. Botolo la Sobo lisiyeni kaye, khosi lake ndi laling'ono, kulowetsa khofi ndi ntchito, kumutulutsa atafufuma ndiye ndi nkhondo. Amene muli ndi plunger, jagi ija yagalasi yokhala ndi sefa wokankhira pansi, muli ndi mwayi, chonyikira ndi chosefera chili pamodzi.

Muyezo umene ine ndimatsata ndi 1 ku 8, kutanthauza galamu imodzi ya khofi pa magalamu 8 a madzi. Musaope masamu, lita imodzi ya madzi imalemera magalamu 1000, ndiye pa lita imodzi mufunika magalamu 125 a khofi, limene ndi theka la paketi ya magalamu 250. Paketi yonse ndi ya malita 2. Mabotolo awiri a madzi a 500 ml aja ndiye lita yanu, palibe chofunira jagi yoyezera.

Ngati mulibe sikelo ndipo simukufuna zogawa paketi, tengani kapu iliyonse, kapu imodzi ya khofi wosinja, makapu 3 a madzi, kapu yomweyo. Zimafika pafupi ndi muyezo womwewu. Kaya ndi kapu yaing'ono kaya ndi bigiri, bola ikhale imodzi yomweyo mbali zonse.

Muyezo umenewu umatulutsa khofi wamphamvu woti pomwa muzisungunula, ngati mmene timachitira ndi Sobo. Ena amapita mpaka magalamu 200 pa lita kuti akhale wakuda zedi, mlamu wanga amatero chifukwa kwawoko amamuphatikiza ndi mkaka wambiri ndi ayisi. Ena amafuna woti akangosefa amwe pomwepo osawonjezera madzi, amenewo aike magalamu 65 kapena 70 pa lita. Ine ndimakonda wamphamvuyo chifukwa satenga malo mufuliji ndipo aliyense amasungunula mmene akufunira, koma ngati ndi koyamba yesani kaye kochepa, theka la lita ndi magalamu 60, kuti zikalakwika musalire kwambiri.

Musadabwe kuti mwathira lita imodzi koma mwapeza zochepa. Khofi amamwa madzi pafupifupi kawiri kulemera kwake, ndiye pa lita ija mutsala ndi cha m'ma 750 ml. Mukasungunula theka kwa theka ndi lita imodzi ndi theka, matambula 6 abwinobwino. Kwa munthu mmodzi ndi sabata yantchito yonse ndi kotsala ka Loweruka.

Kunyika kwenikweniko

Thirani khofi m'botolo, kenako theka la madziwo. Takasani ndi supuni yaitali mpaka pasakhale pouma, chifukwa khofi wouma amakonda kuundana nkumayandama pamwamba ngati nsima ya mibulu, mkati muli mouma. Thirani madzi otsalawo, takasaninso pang'ono. Pakapita mphindi 10 mupeza pamwamba papanga chikhokho, chikankhireni pansi ndi supuni, kenako vindikirani. Siyani kampata pamwamba, musadzadze mpaka pakamwa. Ngati chivindikiro mulibe, nsalu yoyera ndi labala zikwana, cholinga ndi choti nyerere, ntchentche ndi fungo la usipa zisalowe.

Basi, ntchito ya madzulo yathera pomwepo. Musamaligwedeze ola lililonse, lisiyeni.

Tsopano mulisiya pati, ndipo mpaka liti? Pali njira ziwiri. Panja pa fuliji, pamalo a mthunzi kutali ndi mbaula ndi zenera, maola 12 mpaka 14. Kutentha kwa October ndi November kuno kumafulumizitsa zinthu, ndiye musapitirire pamenepo. Ine ndimanyika ndikangofika kuchokera kuntchito cha m'ma 6 madzulo, mmawa 6 kapena 7 ndasefa. Mufuliji zimachedwa chifukwa madzi akazizira kwambiri amakoka mochedwa, pamenepo mufunika maola 18 mpaka 24. Wa mufuliji ndimamuona kuti amatuluka woyera bwino kakomedwe kake, ndipo mtima umakhala mmalo pa nkhani ya ukhondo, ndiye Lachisanu usiku ndikanyika ndimaika mufuliji nkudzasefa Loweruka madzulo.

Kupitirira maola 24 sikuwonjezera ubwino. Ndinaiwalapo botolo masiku awiri titapita ku maliro ku Chiradzulu, pobwera ndinapeza akuwawa ngati watafuna khungwa la mtengo. Mukafuna wamphamvu wonjezerani khofi, osati maola.

Njira yodziwira ndi kulawa. Akakwana maola 12 tapani supuni imodzi pamwamba, sakanizani ndi supuni ya madzi, lawani. Ngati akumveka ngati madzi otsukira kapu, kapena akuwawasa pang'ono opanda thupi, mpatseni maola ena awiri kapena atatu. Ngati wayamba kumata lilime ndiye thamangani mukasefe.

Magetsi akazima usiku botolo lili mufuliji palibe chodandaula, musamangotsegula chitseko basi. Amene mulibe fuliji, imikani botolo mu mtsuko kapena mu beseni la madzi, kapena likulungeni ndi nsalu yonyowa nkuliika podutsa mphepo. Agogo athu madzi awo ankazizira choncho.

Kusefa

Apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera khofi wabwino chifukwa cha phuma. Mwadikira usiku wonse, mphindi 20 zisakuvuteni.

Musaligwedeze botolo. Linyamuleni mwaulemu, nsenga zambiri zikhala zitadikha pansi. Sefani kaye ndi kasefa ka tiyi kapena sefa wa waya kupita mu jagi, uku ndi kuchotsa zikuluzikulu. Thirani pang'onopang'ono, mukafika pa matope a pansi paja imani, musakokolole.

Kachiwiri ndi nsalu. Ikhale ya thonje, yoyera, yopanda utoto. Mpango wa mthumba watsopano umagwira bwino, kapena chidutswa cha T-shirt yoyera yakale. Chitenje chatsopano ayi, chili ndi utoto ndi sitachi, zonsezo mumwa. Nsaluyo musanaigwiritse ntchito koyamba iwiritseni m'madzi opanda sopo, chifukwa sopo wa ufa wonunkhira uja akatsalira khofi wanu amveka ngati zovala za pachingwe. Inyowetseni kaye ndi madzi oyera nkuifinya, nsalu youma imamwa khofi wanu komanso imachedwetsa. Iyaleni mu sefa, kapena ipanireni pakamwa pa jagi ndi mapegi itapanga kadzenje pakati, nkumathira pang'onopang'ono.

Poyamba amathamanga, kenako amayamba kudontha, dontho dontho. Apa mtima umakuuza kuti tangofinya tithane nazo. Osafinya. Mukafinya, fumbi lonse losalala limadutsa nsalu, khofi amachita mbuu ngati madzi a Mudi mvula itagwa, ndipo fumbilo limapitiriza kuwawitsa khofi m'botolo masiku onse otsatira. Ikatsekeka nsalu, ichotseni, itsukuluzeni m'madzi, bwezeranipo, pitirizani.

Ine ndikaima pamenepo ndimakumbukira agogo akucheza chidulo, chitini chobowola pansi, phulusa la zitsononkho mkati, madzi akudontha mu mbale, iwo ali phee akusadzula therere osachiyang'ana nkomwe. Mlamu wanga anandionetsa pafoni mmene amapangira ku Kyoto ku Japan, magalasi ataliatali atasanjikizana, madzi ozizira akudontha limodzi limodzi kudutsa mukhofi kwa maola ambiri, ndinangoti alamu, ichi ndi chidulo chovala suti.

Amene muli ndi mapepala osefera khofi aja, amenewo ndiye amatulutsa woyera mbee, ukaunika padzuwa amaoneka wofiirira ngati tiyi wamphamvu. Nawo anyowetseni kaye kuti fungo la pepala lichoke, ndipo musadumphe kusefa koyamba kuja apo ayi pepala litsekeka msanga. A plunger, kankhirani pansi mwapang'onopang'ono, kenako tsanulirani m'botolo lina nthawi yomweyo, musamusiye mmenemo pamodzi ndi nsenga. Ngakhale ameneyo ine ndimamudutsitsabe pansalu.

Ngati mwasefa koma akuonekabe mbuu, muikeni mufuliji maola angapo adikhe, kenako tsanulirani m'botolo lina mosamala nkusiya za pansizo.

Kusunga

Botolo loyera, lotseka bwino, mufuliji. Apa ndiye botolo la khosi laling'ono likhoza kugwira ntchito, bola lisanunkhe zimene zinalimo kale. Lembanipo tsiku. Wosasungunula amakhala bwino sabata imodzi, ine sindidutsitsa pamenepo, ndipo masiku atatu oyamba ndi pamene amakoma kwambiri. Musathire mkaka kapena shuga m'botolo losungiralo, zimenezo ndi za mutambula. Wothira mkaka ndi wa tsiku lomwelo.

Magetsi akasowa tsiku lonse fuliji nkufunda, nunkhizani musanamwe. Akamamveka kusasa ngati thobwa lagona, kapena mukaona timadontho ta chuku pamwamba, tayani osaganiza kawiri. Opanda fuliji pangani kochepa koti kathe tsiku lomwelo.

Kulemba pabotolo kuja kuli ndi ntchito inanso. Kamwana ka achemwali anga kanatsegula fuliji nkuona botolo lakuda, kanaganiza kuti ndi Coke, mwamwayi kanangolawa nkulavula. Ikani pamwamba kapena kumbuyo.

Kumwa

Theka khofi, theka madzi ozizira kapena mkaka, ayisi ngati alipo. Yambirani pamenepo kenako muzisintha nokha. Mukaika ayisi wambiri chepetsani madzi chifukwa ayisiyo asungunuka. Ine ndimathiranso khofi wina mu kathireyi ka ayisi, ndiye ayisi wanga ndi wa khofi yemweyo, tambula siisukuluka olo ndichedwe nayo.

Shuga ndiye amavuta, m'madzi ozizira sasungunuka, umatakasa mpaka dzanja kutopa iye ali pansi gwaa. Pangani madzi a shuga, kapu imodzi ya shuga mu kapu imodzi ya madzi otentha, takasani asungunuke, azizire, sungani mu kabotolo mufuliji. Supuni imodzi kapena ziwiri pa tambula. Mukaponyamo tizidutswa ta jinja akadali otentha nkudzatichotsa, mudzandithokoza. Koma lawani kaye musanathire, anthu ambiri amene amathira masupuni atatu mu khofi wotentha kuno amapeza kuti imodzi yakwana.

Mkaka wa ufa ndi Cremora nazo zimapanga mibulu m'madzi ozizira, sungunulani kaye mu timadzi totentha pang'ono pansi pa tambula kenako nkuthira zinazo. Mkaka wamadzi ulibe vuto. Ngati khofi watuluka wowawirapo, kamchere kotsina ndi zala ziwiri, kochepa zedi koti musakamve, kamaziziritsa kuwawako.

Masana otentha kwambiri ndimapanga wina wopanda mkaka, ayisi, soda water, khofi pamwamba, ndi kachidutswa ka ndimu. Amuna anga poyamba ankati zimenezo ndi zamisala, khofi ndi ndimu zinayamba liti, pano ndi amene amamaliza mandimu mnyumba. Ndipo chiperoni chikabwera mu June simusiya kunyika, mumangothira madzi otentha mu khofi yemweyo, kapu yotentha yapsa popanda kusefa chilichonse mmawa. Musamuwiritse pamoto, ingomuthirani madzi a muketulo.

Chenjezo limodzi, ndipo ili ndi lochokera pamtima. Chifukwa choti sawawa, munthu umaganiza kuti ndi wofooka. Ayi ndithu. Wosasungunula uja ali ndi kafeini wambiri, taonani kuchuluka kwa khofi amene munanyika. Sabata yoyamba ndinamwa tambula yodzadza osathira madzi cha m'ma 4 madzulo, usiku mtima unkagunda ngati ndathamanga kukwera Michiru, ndinamva agalu onse a mu Chilomoni mpaka atambala kulira ndili maso gwaa. Azaumoyo amati munthu wamkulu wabwinobwino asapitirire mamiligalamu 400 a kafeini patsiku, amayi oyembekezera 200. Kunyumba simungayeze zimenezo, ndiye tambula imodzi kapena ziwiri zosungunula, ndipo ikadutsa 2 koloko masana lisiyeni botolo. A BP ndi a vuto la mtima funsani kaye adokotala anu. Ena amati wonyika sawatentha pamtima ngati wotentha, kwa ine ndi zoona, koma mnzanga wa zilonda za m'mimba amamupwetekabe chimodzimodzi.

Nsenga zotsala zija musayese kuzinyikanso kachiwiri, ndinayesa chifukwa cha kuwawa kwa mtengo wa paketi, zinatuluka madzi ofiira opanda kanthu. Musazithirenso musinki, zimatseka paipi. Ine ndimakazitaya pa dzenje la manyowa kuseri, zikawolerana ndi masamba zimapita pa bedi la mpiru.

Nsalu ija ichapeni nthawi yomweyo ndi madzi okha, iyanikeni padzuwa iume gwaa, ikakhala yonyowa imachita chuku. Isintha mtundu nkukhala yabulawuni, zimenezo si litsiro, muziingoiwiritsa kamodzi pakanthawi. Ndipo auzeni onse a mnyumba kuti nsalu imeneyi ili ndi mwini wake. Yanga yoyamba ndinaipeza amayi atabwera kudzacheza akuphulira mphika wa nyemba, ati amaona ngati ndi chisanza.